Thiraki yanuyanu idzakusiyirani zingati m'thumba?

Sabata yatha ndili ku Kanengo kukafunsa mitengo ya soya ndi chimanga, bambo ena amene ayendetsa thiraki ya kampani kwa zaka 12 adandiimitsa pafupi ndi pamene malole amadikirira katundu. Adati amawerenga tsamba lino ndipo ali ndi funso limodzi. Asunga kangachepe, mayi akunyumba avomera kuti agulitse puloti yawo, ndipo banki ina yalonjeza kuwabwereka zotsalazo. Akufuna kugula lole yawoyawo ya matani 15.

"A mtolankhani," adatero bambowo, "ine ndimanyamula katundu wa abwana ndipo ndimaona ndi maso angawa ndalama zimene amalandira pa ulendo umodzi. Malipiro anga a mwezi wathunthu safika ngakhale theka lake. Ndiye ndipitirize kulemeretsa munthu wina mpaka liti?"

Funsoli ndi lomveka ndipo sindikuwaweruza. Madalaivala a mathiraki m'dziko muno akhala akudandaula za malipiro kwa nthawi yaitali, mpaka kunyanyala ntchito kangapo, ndipo boma lidachita kuwakhazikitsira malipiro ochepetsetsa awoawo. Munthu amene wagona m'galimoto pa Zobue ndi pa Tunduma zaka zonsezi ali ndi ufulu wolakalaka chake.

Koma maganizo anga ndi awa: ambiri amene amagula thiraki yoyamba amawerengera ndalama zolowa, pamene bizinesi imeneyi imayendera ndalama zotsala. Amene wagula lole ndi ngongole ayembekezere kuti zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira azipeza ndalama zoposa pang'ono za dalaivala wolembedwa ntchito, ndipo miyezi ina azipeza zochepa kuposa pamenepo. Phindu lenileni limayamba ngongole ikatha, ngati loleyo idakali ndi moyo.

Tidakhala pansi ndi bambowo n'kutenga pepala. Masamu amene tidachita ndi awa. Manambala ake ndi ongoyerekeza kuti njira yowerengera ioneke, kupatula mtengo wa dizilo wa K2,734 pa lita, umene bungwe la MERA lidalengeza mu November 2023. Inu chotsanipo manambala angawa, muikepo a lero a kwanuko.

Ulendo umodzi

Tinene kuti mwapeza katundu wa matumba 300 a makilogalamu 50 wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 310 kudzera pa Zalewa. Mwagwirizana ndi mwini katundu pa K3,500 pa thumba. Ulendowu ukupatsani K1,050,000. Iyi ndi nambala imene imatchuka pamene madalaivala amacheza, ndipo ndi imene imagulitsitsa mapuloti.

Lole ikapita iyenera kubwerera. Ulendo wonse ndi makilomita 620. Ngati lita imodzi ikukuyendetsani makilomita atatu kapena kupitirira pang'ono, mufunika malita pafupifupi 200, amene ndi K547,000. Theka la ndalama ija lapita pa pampu musanadye ngakhale nsima.

Katunduyo mwina simudamupeze nokha, adakulozerani dobadoba. Mpatseni K50,000. Pamsewu wa M1 pali zipata ziwiri zolipira, cha Kalinyeke ku Dedza ndi cha Chingeni, ndipo mudutsa pa chilichonse kawiri. Onjezani anyamata okweza ndi kutsitsa, chakudya chanu ndi cha mnyamata wokuthandizani, komanso mlonda wa pamene mwagoneka galimoto. Zonsezi tiziike pa K100,000. Mwatsala ndi K353,000.

Apa ndi pamene ambiri amatseka kabuku n'kunena kuti phindu ndi limeneli. Atenga ndalamayo, alipira fizi ya ana, agula malata. Pakatha miyezi inayi tayala laphulika pa Ntcheu ndipo m'thumba mulibe kanthu.

Ndalama zimene zimatha osaziona

Tayala limatha pa kilomita iliyonse, kungoti sililira tsiku ndi tsiku. Lole ya matani 15 imayenda pa matayala 10. Ngati limodzi ndi K420,000, onse ndi K4,200,000, ndipo ngati angakuyendetseni makilomita 60,000, ndiye kuti kilomita iliyonse ikudya K70 ya matayala. Pa misewu yathu ya maenje, matayala ena safika n'komwe pamenepo.

Oyilo, mafyuluta, mabuleki, masipiring'i, batire ndi makaniko tiziike pa K100 pa kilomita. Pamodzi ndi matayala ndi K170. Pa makilomita 620 ndi K105,000 ndi kakusefukira. Ndalama imeneyi si yanu, ndi ya lole. Iyenera kuikidwa padera tsiku lomwelo mwalandira malipiro. Tsopano pa K1,050,000 ija mwatsala ndi K245,000 kapena kuposa pang'ono.

Tinene kuti pamwezi mwayenda maulendo 6 otere. Si ochepa, chifukwa ulendo uliwonse uli ndi tsiku lodikira kukweza, tsiku loyenda, tsiku lodikira kutsitsa ndi tsiku lobwerera. Maulendo 6 akupatsani K1,470,000.

Kenaka pakubwera ndalama zimene mumalipira kaya lole yayenda kaya yaima: inshulansi, chiphaso cha COF ndi ziphaso zina za ku Road Traffic. Mukazigawa pa miyezi 12, tinene kuti ndi K150,000 pamwezi.

Chachikulu ndi ngongole. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amalonda amabwereketsa munthu wamba pamwamba pa pamenepo. Tiyerekeze kuti mwabwereka K30 miliyoni pa 30 peresenti kwa zaka zitatu. Mwezi uliwonse muzibweza pafupifupi K1,270,000, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka ndalama zoposa K45 miliyoni.

Chotsani K150,000 ndi K1,270,000 pa K1,470,000. Yatsala K50,000. Mwagwira ntchito mwezi wathunthu, K6,300,000 yadutsa m'manja mwanu, koma yopita nayo kunyumba ndi K50,000. Bambo aja atafika pamzere umenewu adavula chipewa n'kukanda m'mutu. Adati, "Ndiye abwana anga amalemera bwanji?"

Katundu wobwerera

Yankho la funso lawo lili pa ulendo wobwerera. Masamu onse apamwambawa ndi a lole imene ikubwerera ku Lilongwe ili chabe. Abwana a kampani salola zimenezo kawirikawiri. Ali ndi kalaliki amene ntchito yake ndi kuimba foni, ali ndi makontirakiti, ndipo thiraki ikamatsitsa ku Limbe amakhala atadziwa kale kuti ikakweza simenti, shuga kapena katundu wa m'magolosale wopita kumtunda.

Katundu wobwerera amalipira mochepa chifukwa mwini wake amadziwa kuti mukubwerera ndithu. Tinene kuti mwapeza wa K600,000. Chotsanipo K100,000 ya dizilo woonjezera, dobadoba ndi okweza. Yatsala K500,000, ndipo imeneyi ndi yaukhondo chifukwa mtunda womwewo mudaulipira kale. Mukapeza katundu wobwerera pa maulendo atatu mwa 6 aja, mwezi umene udakusiyirani K50,000 ukusiyirani K1,550,000.

Lole ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, dalaivala ndi yemweyo. Chasintha ndi mafoni atatu okha. N'chifukwa chake ndimati amene akufuna kulowa mubizinesi imeneyi ayambe wadzifunsa kuti ali ndi manambala a anthu angati a katundu ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene angamuyankhe foni. Luso loyendetsa bambo aja ali nalo lokwanira. Chimene sadachiphunzire m'zaka 12 ndi kusaka katundu, chifukwa nthawi zonse amangouzidwa kokakweza.

Chaka chili ndi miyezi 12

Dziko lathu ndi laulimi, choncho katundu amayendera nyengo. Misika ya fodya ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu April, ndipo nthawi yomweyo soya, chimanga ndi mtedza zimayamba kutuluka m'midzi. Nandolo wa kuchigawo cha kummwera amatsatira cha mu August kupita mtsogolo. Kuyambira September mpaka December ndi nthawi ya feteleza. Kuchokera mu January mpaka March katundu amachepa, misewu ya m'midzi imaterera, milatho ina imakokoloka, ndipo malole ambiri amangondandana pamalo odikirira, eni ake akutsitsirana mitengo. Amene adali pamsewu namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023 akukumbukira masabata amene madera ena a kummwera sankafikika.

Banki sidziwa dzinja. Tiyerekeze kuti chaka chili ndi miyezi 7 yabwino, uliwonse wa K1,550,000. Imeneyo ndi K10,850,000. Miyezi isanu yotsalayo mukuyenda maulendo atatu okha, katundu wobwerera kamodzi. Mwezi wotere ukupatsani K1,235,000 pamene ngongole ndi ziphaso zikufuna K1,420,000, ndiye mukulowa m'thumba mwanu ndi K185,000. Pa miyezi isanu ndi K925,000. Chaka chonse mwatsala ndi pafupifupi K9,900,000, kapena kuti K825,000 pamwezi.

M'chaka chomwecho ndalama zimene zadutsa m'manja mwanu ndi zoposa K75 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti pa K100 iliyonse imene mwalandira, yanu ndi K13, ndipo msonkho wa phindu sitidauchotse. Achibale amaona K75 miliyoni ija. Maliro akagwa, ukwati ukabwera, amati pitani kwa a thiraki. Kunena kuti mulibe, sakhulupirira.

Komanso chaka chimenechi ndi chimene palibe chachikulu chaonongeka. Lole zambiri zimene timagula ndi zogwiritsidwa kale ntchito kunja, zina zitayenda makilomita mazanamazana a masauzande. Injini kapena giyabokosi ikafa, n'kufuna K5 miliyoni, chaka chanu chatsika kufika pa K4,900,000, imene ndi K410,000 pamwezi, osawerengera masabata amene lole yakhala pagalaja kudikira chipangizo chochokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Kampani ya mathiraki 20 imodzi ikafa, 19 zimapitiriza kubweza ngongole. Inu yanu ikafa, bizinesi yonse yaima.

Pa ndalama yotsalayo muyeneranso kudzifunsa kuti malipiro anu ngati dalaivala ndi angati. Mukadakhala pantchito bwenzi mukulandira malipiro, alawansi ya panjira ndi penshoni, popanda kuikapo puloti. Chotsani zimenezo, chotsalacho ndiye phindu la mpamba wanu. Nthawi zambiri limakhala laling'ono moti munthu amadabwa.

Kwacha ndi dizilo

Pafupifupi chilichonse chimene lole imadya chimachokera kunja: dizilo, matayala, oyilo, zipangizo. Malipiro anu okha ndi amene ali m'makwacha. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Nthawi zonse ziwirizi mitengo ya matayala ndi zipangizo idakwera pasadathe masiku, koma eni katundu sadathamangire kukweza mtengo wa pa thumba. Amene adasainira kontirakiti ya mtengo wosasintha adanyamula katundu moluza mpaka kontirakitiyo itatha.

Nayi njira yachidule yoti muziikumbukira. Pa ulendo wathu wa malita 200, dizilo akakwera ndi K500 pa lita, ulendo wakwera ndi K100,000. Pa matumba 300 ndi K330 pa thumba. Ngati mwini katundu akukana kuonjezera K330 imeneyo, ikuchokera mwa inu, ndipo pa maulendo 6 ndi K600,000 pamwezi. Mgwirizano uliwonse wopitirira mwezi umodzi uzikhala ndi mawu akuti MERA ikasintha mtengo wa dizilo, mtengo wonyamulira usinthanso.

Kusowa kwa mafuta nakonso ndi ndalama. Kumapeto kwa 2022 komanso kumapeto kwa 2024 tidaona mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta. Lole imene yagona masiku awiri pamzere yataya theka la ulendo, ndipo amene wathawira kwa ogulitsa m'zigubu walipira mtengo wokwera pa dizilo amene sakudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani.

Ndalama ya papepala

Wamalonda wa pamsika amalipira pompopompo kapena katundu akangotsika. Makampani akuluakulu ndi nthambi zina za boma amalipira bwino pa tani, koma pakapita masiku 30, 60 kapena kuposa. Dizilo mwagula lero ndi ndalama yanu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Invoisi imene ili mu ofesi ya munthu wina sithira dizilo.

Apa ndi pamene eni malole ambiri amagwera m'manja mwa akatapila. Kontirakiti ndi yabwino, koma kuti lole inyamuke mawa pakufunika K600,000, ndipo wobwereketsa akufuna chiwongoladzanja chimene chimeza phindu la ulendo wonsewo. Musanagule lole, khalani ndi ndalama yapadera yokwanira dizilo ndi ngongole ya miyezi iwiri kapena itatu. Ngati ndalama zanu zonse zathera pogula galimoto, simunakonzeke.

Dziwaninso kuti kampani ikamakulipirani ndalama yonyamulira katundu, malamulo a msonkho amailamula kudula 10 peresenti n'kuipereka ku MRA. Pa K1,050,000 ndi K105,000. Ndalama imeneyi siyotayika, imawerengedwa ngati gawo la msonkho wanu wa pachaka, koma pokhapokha ngati mudalembetsa ku MRA, muli ndi nambala ya msonkho ndipo mukusunga ziphaso zosonyeza kuti adakudulani. Amene amasunga mabuku bwino akhoza kupempha chiphaso choti asamadulidwe. Amene sasunga mapepala amangoluza K10 pa K100 iliyonse, pabizinesi imene taona kuti imasiya K13.

Za maulendo a kunja

Ena amati ndalama zili kunja, pa msewu wa Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, poti mitengo yake imatchulidwa m'madola. N'zoona kuti ulendo umodzi umalipira ndalama zambiri. Koma thiraki ya matani 30 ndi ngolo yake ndi mpamba wina, ndipo zolipira zake n'zochuluka. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Beira kudzera pa Mwanza ndi Tete ndi makilomita pafupifupi 800. Thiraki yolemedwa imayenda makilomita awiri kapena kupitirira pang'ono pa lita, ndiye kupita ndi kubwera mukunena za malita 700 kapena 800.

Dziko lililonse lili ndi ndalama zake za msewu, zambiri zolipira m'ndalama zakunja, zimene kuzipeza kubanki kuno si chinthu chapafupi. Inshulansi ya COMESA yotchedwa Yellow Card imagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique mumagula ina. Wopita ku South Africa amadutsa pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pa chipata chilichonse mapepala akavuta thiraki imagona. Zipolowe zimene zidatsatira chisankho cha ku Mozambique mu October 2024 zidasokoneza maulendo a ku madoko kwa masabata, eni mathiraki akubweza ngongole galimoto zili chiimire.

Vuto la katundu wobwerera pamsewu wa kunja limatembenuka. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa. Feteleza, mafuta, tirigu ndi katundu wa m'masitolo amabwera wambiri, pamene wotuluka monga fodya, tiyi, shuga ndi nandolo ndi wochepa ndipo amayendera nyengo. Choncho thiraki zambiri zimatsikira kudoko zili chabe kapena pa mtengo wotsika, ndipo mumalimbirana katundu ndi makampani a ku Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa, kuonjezapo sitima ya pamtunda ya ku Nacala. Munthu wa thiraki imodzi nthawi zambiri sapeza katundu kuchokera kwa mwini wake. Amalowa pansi pa kampani yaikulu imene idapata kontirakiti, ndipo iyo imayamba yadyapo gawo lake.

Njira zachidule

Masamu akavuta, mayesero amabwera. Loyamba ndi kudzaza mopyola muyeso: matumba 360 pa lole ya matumba 300. Matumba 60 oonjezerawo akupatsani K210,000, koma amadya matayala, masipiring'i ndi mabuleki mwachangu, ndipo mukagwidwa pa sikelo, ya ku Balaka kapena za m'zipata, chindapusa ndi kutsitsa katundu panjira zimameza phindu la maulendo angapo. Ngozi ikachitika galimoto itadzazidwa mopyola, a inshulansi ali ndi chifukwa chokanira kulipira.

Lachiwiri ndi kuyenda usiku ndi usana kuti maulendo 6 akhale 8. Dalaivala wa kampani akatopa akhoza kupempha tchuthi. Mwini lole amene ali ndi ngongole amadziuza kuti apumula mwezi wamawa. Tulo pa chiwongolero tapha anthu ambiri pa M1, ndipo banja limene lataya bambo ndi lole tsiku limodzi limatsala ndi ngongole yokha.

Lachitatu ndi matola ndi kudumpha sevisi. Anthu okwera pamwamba pa matumba akupatsani ya chakudya, koma mmodzi akagwa mlandu wake ndi woposa mtengo wa lole. Oyilo amene mwamuchedwetsa makilomita 5,000 kuti mubweze ngongole ya mwezi uno adzakulipiritsani injini chaka chamawa.

Nanga amene adapambana?

Wina anena kuti ndikuopseza anthu, poti makampani ena a mathiraki amene tikuwaona lero adayamba ndi lole imodzi. N'zoona, ndipo sindikunena kuti bizinesiyi ilibe phindu. Bwererani ku masamu aja. Ngongole ikatha, K1,270,000 ya mwezi uliwonse imatsala m'manja mwanu, imene ndi ndalama zoposa K15 miliyoni pachaka. Amene wapirira zaka zitatu, lole ili bwino, ndiye amayamba kuona chimene adagulitsira puloti. Ngakhale pamenepo, gawo lina la ndalamayo liyenera kusungidwa kuti lidzagule lole ina, chifukwa iyi ikukalamba.

Mwini lole woyendetsa yekha alinso ndi mwayi umene kampani ilibe. Palibe amene amamubera dizilo. Amamva phokoso lachilendo la injini lisadakule. Salipira lendi ya ofesi. Wamalonda amamukhulupirira chifukwa akulankhula ndi mwini wake, osati wantchito. Zimenezi ndi ndalama ndithu.

Koma mukafunsa amene adapambanawo, mupeza zinthu zofanana. Ambiri adayamba ndi katundu, lole idabwera pambuyo. Ena adali amalonda a mbewu amene ankanyamula katundu wawo yemwe, ena adali ndi kasitomala mmodzi wodalirika amene ankawapatsa ntchito mwezi ndi mwezi. Ambiri adabwereka zochepa. Ndipo timaona okhawo amene adapulumuka. Amene zidawakanika sitiwawerenga, malole awo ali pamiyala kuseri kwa magalaja a ku Biwi ndi ku Ndirande, udzu utamera pansi pake.

Zoyenera kuchita musanasaine

Dziwani mtengo wa kilomita yanu. Pa chitsanzo chathu, zolipira za panjira ndi za matayala ndi pafupifupi K1,300 pa kilomita, ndipo mukaphatikiza ngongole ndi ziphaso zimafika pa K1,680. Nambala imeneyi ikhale pamtima. Munthu akakupatsani katundu, werengani makilomita opita ndi obwerera, muchulukitse. Mtengo wake ukakhala pansi pa K1,300 pa kilomita ndipo kobwerera kulibe katundu, kuli bwino lole igone pakhomo, chifukwa ulendo wotero ndi wolipira inu kuti munyamulire mnzanu.

Mudakali pantchito, tengani miyezi itatu mukulemba m'kabuku ulendo uliwonse wa thiraki ya abwana: malita, makilomita, masiku odikira, zimene zaonongeka. Sukulu imeneyi ndi yaulere. Pitaninso kwa eni malole atatu amene akhala mubizinesiyi zaka zoposa zisanu, muwafunse za mwezi wawo woipitsitsa. Safunsa adadya phula.

Lole imene mukufuna kugula ikaonedwe ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo sankhani mtundu umene zipangizo zake zimapezeka m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Lole yotchipa imene chipangizo chake n'chochita kuitanitsa imakhala yodula kuposa zonse. Ngati ndalama zanu zikukwana lole ya matani 7 popanda ngongole yaikulu, yambani ndi imeneyo. Yaing'ono yopanda ngongole imadyetsa banja kuposa yaikulu imene ikugwirira ntchito banki.

Tsegulani akaunti ya lole yosiyana ndi ya pakhomo, ndipo dzilipireni malipiro okhazikika pamwezi ngati mmene abwana amachitira. Mayi akunyumba adziwe nambala imeneyo ndipo aone masamu onse, poti puloti imene ikugulitsidwa ndi yawonso. Nyumba imene mukugonamo musaiike chikole.

Mawu anga omaliza apite kwa inu amalonda amene mumawerenga tsamba lino pofuna mitengo ya chimanga ndi soya. Mukamakakamiza mwini lole kutsitsa mtengo mpaka pansi pa dizilo wake, kapena kumuumiriza kuonjezera matumba, kapena kumusunga masabata atatu osamulipira, mukudula nthambi imene mwakhalira. Malole ang'onoang'ono akatha, mudzatsala ndi makampani akuluakulu amene sabwera kumudzi kudzanyamula matumba 200, ndipo mtengo adzatchula okha. Ngati muli ndi mnzanu ku Blantyre amene ali ndi katundu wobwera kuno, alumikizeni ndi dalaivala wanu. Iye apeza katundu wobwerera, inu mupeza mtengo wotsikirapo, ndipo palibe waluza.

Bambo a ku Kanengo aja adapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya. Sadanene kuti asintha maganizo, ndipo ine sindidawauze kuti asagule. Adangoti puloti ayamba aimika kaye, ndipo ulendo wawo wotsatira wa ku Blantyre akayenda m'mashopu a ku Limbe kufunsa amene amatumiza katundu ku Lilongwe sabata iliyonse. Ndidawapempha kuti akadzapeza anthu asanu otere adzandiimbire, tidzachitenso masamu ndi mtengo wa dizilo wa tsiku limenelo.